Kwa amene mukufuna kudzipangira handlepole ya SuperJet

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi Yamaha SuperJet 701 (kaboti ka injini koyendetsa mutaimirira) ya mphuno yozungulira, mtundu umene unayamba kutuluka mu 1996, handlepole yake ya faiba (mkono wokwera ndi kutsika umene umanyamula mahandulo) yang'ambika pafupi ndi tsinde, ndipo mukufuna kupanga ya aluminiyamu yofupikirapo ndi mainchesi anayi. Mwafunsa paipi yoti mugule, komanso ngati mmisiri wowotcherera mageti angaigwire ntchitoyi. Funso lachiwirilo yankho lake ndi ayi, chifukwa chake ndichifotokoza pansipa. Koma musanaganize za paipi, dziwani kuti pole imaonongekera malo awiri: patsinde pamene imazungulira, ndi m'makebulo odutsa mkati mwake. Kapangidwe konse kayambire pamenepo.

Yakaleyo musaitaye. Ndi imene ikupatseni miyeso. Isanachotsedwe pa boti yesani zinthu izi ndi kuzilemba: kuchoka pakati pa bawuti yaikulu yapatsinde kufika pakati pa bawuti imene chiwongolero chimazungulirapo, kufutukuka kwa tsinde pakati pa makutu awiri a bulaketi (chogwirira pole pa boti), kukula kwa bowo la bawuti, malo amene pole imakhudza chivundikiro cha injini ikagona, ndi kupendekeka kwa mbale ya chiwongolero (imene mahandulo amamangidwapo) poyerekeza ndi thupi la pole. Muyeso woyambawo ndi umene anthu amatanthauza akamati pole ya -2 kapena -4 pa zimene amagulitsa a RRP, Blowsion ndi ena, ndiye kuti yafupika ndi mainchesi awiri kapena anayi poyerekeza ndi yakufakitale.

Mainchesi anayi ndi mamilimita pafupifupi 100, ndipo si ochepa. Pole ikafupika thupi lanu limasunthira kutsogolo, mphuno ya boti imalemedwa, kudumphadumpha kumachepa, ndipo kukhota mwamsanga kumaphweka. Ndi chifukwa chake ochita masewera odumpha mafunde amakonda zazifupi. Koma ngati ndinu wamtali, kapena mumayenda mtunda wautali pa liwiro, pole yofupikitsa ikupindani msana ndipo mphuno izilowa m'madzi mukakumana ndi mafunde afupiafupi ngati a nthawi ya mwera pa nyanja yathu. Ine ndikanati musasankhe utali ndi mutu wokha. Dulani pulayiwudi ya mamilimita 18 zidutswa ziwiri zolumikizana ndi mabawuti, boolani mabowo motalikirana ndi mamilimita 25, mangani pa bulaketi boti lili pa tulela. Imani m'malo oimamo mwendo umodzi kutsogolo wina kumbuyo monga mumachitira pamadzi, kwezani thabwalo kufika m'chiuno, muone pamene zigongono zikhala zopindika pang'ono popanda kuwerama. Kenako ligonekeni, mugwade, muone ngati mahandulo sakugunda ntchafu mukakhotetsa mpaka pamapeto.

Tsono paipi. Gulani aluminiyamu ya mtundu wa 6061-T6 kapena 6082-T6, imene imapezeka mosavuta ku South Africa (T6 ndiye kuti yolimbitsidwa potenthetsa). Pewani aluminiyamu ya m'mashopu opanga mawindo. Iyo nthawi zambiri ndi 6063, yofewerapo komanso yopyapyala. 7075 ndi yolimba kwambiri koma siwotcherereka bwino, ndiye ingagwire ntchito pa zidutswa zosema pa makina basi.

Tiyeni tiwerengere pang'ono kuti muone chifukwa chake kuchindikala kuli nkhani. Tiyerekeze kuti mwagwa m'mbali mutagwirabe mahandulo, mphamvu ya makilogalamu 100 yakoka kumapeto kwa pole yotalika masentimita 90. Patsinde pamafika mphamvu yopinda ya pafupifupi 900 Nm (Nm ndi muyeso wa mphamvu yopinda). Mukagwiritsa mapaipi awiri a mamilimita 45 kunja, ochindikala mamilimita 3, chitsulocho chimasenza pafupifupi 115 MPa (MPa ndi muyeso wa kupanikizika kwa chitsulo). Akakhala ochindikala mamilimita 2 chiwerengerocho chimakwera kufika cha m'ma 160. Paipi ya 6061-T6 yosawotcherera imayamba kupindikiratu ikafika cha m'ma 240 MPa, ndiye onse awiri akuoneka kuti akwanira. Vuto lili apa: pamene padutsa moto wowotcherera, kulimba kwa T6 kumatha, ndipo malo amenewo amayamba kugonja pa 105 MPa kapena chapomwepo. Ndiye paipi ya mamilimita 3 imene inali ndi mphamvu yotsala kawiri, ikawotchereredwa patsinde penipeni yaperewera kale. Pole zambiri zopangira kunyumba zimathyokera chala chimodzi kuchoka pa msoko, osati pa msoko weniweniwo, ndipo eni ake amadabwa chifukwa msokowo umaoneka wokongola.

N'chifukwa chake ndikulangizani kuti mapaipi musawawotcherere konse. Pangani pole ya zigawo zitatu: tsinde losemedwa kuchokera ku chibuma cha aluminiyamu, mutu wosemedwanso, ndi mapaipi awiri olowa m'mabowo a zigawo ziwirizo n'kufinyidwa ndi mabawuti. Bowo lililonse likhale lolowa paipi mothina, lochekedwa mpata wa mamilimita awiri m'mbali, ndi mabawuti awiri a M8 ofinyira. Paipi ilowe mkati mamilimita osachepera 65, ndiye kuti pafupifupi kukula kwake kamodzi ndi theka. M'kamwa mwa bowolo palani kuti musakhale lakuthwa, chifukwa mphepete yakuthwa imalemba mzere pa paipi ndipo mng'alu umayambira pamenepo. Ubwino wina wa kapangidwe kameneka ndi wakuti utali mutha kuusintha. Yambani ndi -2, yendani nayo, mukaona kuti yatalika dulani mamilimita 25. Paipi ikapindika mumangosintha paipiyo.

Ngati wosema pa makina simungampeze ndipo palibe kuchitira mwina, wowotcherera akhale wa makina otchedwa TIG, a magetsi a AC, okhala ndi gasi wa argon, waya wodzazira ukhale 5356. Msoko usayende mozungulira paipi pamalo amodzi. Ikani timapuleti tolimbitsa totalika tothera mosongoka, kuti mphamvu imwazike, ndipo paipi ikhale yochindikala mamilimita 4 chakutsinde. Kubwezeretsa T6 kumafuna kutenthetsa chinthu chonse kufika cha m'ma 530°C, kuchiviika m'madzi msanga, kenako kuchisunga pa 175°C kwa maola pafupifupi asanu ndi atatu, ndipo chimapotoka poviikapo. Makina a ndodo owotcherera mageti sangalowe m'nkhani imeneyi.

Tibwerere patsinde. Bawuti yaikulu isagwirane ndi aluminiyamu mwachindunji. Ikani mabushi a Delrin (pulasitiki yolimba) mbali zonse, okhala ndi mlomo woti ukhale pakati pa pole ndi khutu la bulaketi. Nayiloni wamba amamwa madzi n'kutupa, ndiye pole imauma ikakhala masiku pamadzi. Mpata wa m'mbali uthe ndi mawashala opyapyala, osati pomanga bawuti mpaka makutu a bulaketi apindikire mkati. Nati ikhale ya nyloc, ija ya nayiloni mkati yosamasuka yokha. Pole yogwedera patsinde ili ngati khasu logwedera mu mpini, kugunda kulikonse kumakuza bowo. Mpata wa theka la milimita pansipo umamveka mamilimita angapo kumahandulo, ndipo boti limachedwa kukumverani.

Kumbukiraninso kuti pole ya faiba imapindikako pang'ono n'kumeza kugunda kwina, pamene ya aluminiyamu imatumiza zonse ku bulaketi ndi ku mphuno ya boti. Musanamange yatsopano, yang'anani mkati pansi pa bulaketi ndi tochi. Mukaona timing'alu kuzungulira mabawuti, palani, ikani nsalu ya faiba magawo atatu kapena anayi ndi guluu wa epoxy, osati wa polyester amene sagwira bwino pa SMC (mtundu wa faiba yoponderezedwa m'chikombole), kenako puleti ya aluminiyamu ya mamilimita 5 kapena 6 pansi pake. Mangani ndi chingwe cholimba choletsa pole kupitirira malire ikakwera, chimangike pole isanagunde bulaketi. Popanda chimenechi, tsiku limene mudzagwere kutsogolo pole idzazula mphuno. Sipuling'i yothandiza kukweza sungani ya kufakitale, mukopere malo ake okolera kuchokera ku pole yakale.

Makebulo ndi amene amavulaza anthu. M'pole mumadutsa kebulo ya chiwongolero, ya throttle (yowonjezera liwiro la injini), ndi mawaya a batani loyatsira ndi kuzimitsira limene chingwe chapadzanja chimakolako. Mukafupikitsa pole, makebulo a kufakitale amatsala ndi utali wosowa kopita, ndipo utali umenewo uyenera kukhala m'chipinda cha injini ukupindika mofutukuka, osagona pa ekizosi. Onse atuluke pafupi kwambiri ndi mzere wa bawuti yaikulu. Akatulukira kutali ndi pamenepo, pole ikamakwera ndi kutsika amakokeka, ndipo kebulo ya throttle ikakokeka injini imakwera yokha inu musanagwire kanthu. Musaboole mapaipi chakutsinde kuti mudutsitse waya. Aloleni alowe ndi kutuluka kumapeto otseguka, pamene pali mphepete muike labala. Ndipo popeza mapaipi ndi otseguka kumwamba, ganizirani kumene madzi olowamo akuthera. Ngati mwawalumikiza ndi chipinda cha injini kuti azilowetsa mpweya, kukamwa kwake kubisike pansi pa chotsamira chibwano (kansamiro ka pamwamba pa pole), ndipo mapaipi a labala akumunsi afike pansi m'chipindamo, kutali ndi makabuleta.

Ku mutu, chofunika ndi malo a chogwirira khungu la kebulo ya chiwongolero poyerekeza ndi kampira kamene kebuloyo imakolako pa mbale. Koperani mtunda umenewo ndendende kuchokera ku yakale, mukaphonya mahandulo adzakhota kwambiri mbali imodzi. Ambiri amasunthira kampirako kutali pang'ono ndi pakati kuti nozzle (chopoperera madzi cha kumbuyo chimene chimakhotetsa boti) izitembenuka msanga. Zimagwiradi ntchito, koma kebulo ili ndi malire a kayendedwe kake. Ikani zoimitsira zosinthika kuti mbale iziima kebulo isanafike pamapeto, apo ayi mphamvu ya manja anu idzathera mu kebulo, idzapindika pamene imatulukira n'kuduka. Mahandulo wamba ndi a mamilimita 22, ndipo chogwirira throttle ndi bokosi la mabatani zimakwana pa muyeso umenewo. Mbale izungulire pa mabeling'i otsekeka kapena pa bushi ya Delrin yopakidwa girisi wa m'madzi. Mutuwo upepuke mmene mungathere, chifukwa kulemera kulikonse kumeneko mumakunyamula ndi manja tsiku lonse.

Chotsamira chibwano si chokongoletsa. Pangani chigoba cha faiba, muike thovu la EVA lotseka losamwa madzi la mamilimita 25 kapena kuposa, muphimbe mitu yonse ya mabawuti. Siponji ya matiresi imamwa madzi ndipo nkhope ikagunda imaphwatalala mpaka pachitsulo. Pansi pa pole ikani kachidutswa ka labala pamalo omwewo pamene yakale imagonera pa chivundikiro.

Mabawuti onse akhale a stainless 316, amene pamutu pake amalembedwa A4. Stainless ikagwirana ndi aluminiyamu pamadzi, aluminiyamuyo imadyeka n'kutulutsa ufa woyera, bawuti n'kukanika kumasuka. Madzi a m'nyanja ya Malawi alibe mchere ndiye zimachedwa, koma amene muli ku Durban kapena ku Beira mudzaziona m'miyezi yochepa. Pakani mankhwala oteteza kudyeka monga Tef-Gel kapena Duralac pa mano a mabawuti, ndipo zigawo zosema zipite ku anodizing (kuika khungu loteteza pa aluminiyamu) ngati mungathe. Wina angakuuzeni za mapaipi a faiba ya carbon. Amapepukadi, koma carbon ikakhudzana ndi aluminiyamu imaidya kwambiri kuposa stainless, ndiye pamafunika nsalu ya faiba pakati, komanso amaphwanyika mukafinya mopitirira. Kwa pole yoyamba asiyeni.

Musanapite kumadzi yesani boti lili pa tulela. Yatsani injini, kenako mutsegule madzi a paipi yoziziritsira, ndipo pomaliza mutseke madzi musanazimitse. Kwezani pole mpaka pamwamba, itsitseni mpaka pansi, pamalo alionse mukhotetse mahandulo mbali zonse. Kulira kwa injini kusasinthe ngakhale pang'ono. Zulani chingwe chapadzanja muone ngati ikuzima. Wina ayang'ane kumbuyo ngati nozzle ikupita mofanana kumanja ndi kumanzere. Lembani mzere ndi peni pamene paipi iliyonse ikulowera m'bowo. Mukayenda ola limodzi tulukani, muone ngati mizereyo yasuntha, mumangenso mabawuti ofinyira ndi bawuti yapatsinde, chifukwa mabushi atsopano amakhazikika ndipo mpata umabwerera.