Land Cruiser Yanga Ikundigonthetsa M'makutu

Funso: Akulu, ndili ndi Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ, ndimayenda nayo mu msewu wafumbi wopita ku Nyika koma phokoso lake m'katimo eee, wailesi sikumveka, kucheza ndi mnzako mpaka kukuwa. Ndiike kapeti yokhuthala? Wowerenga, Rumphi.

Yankho: Achimwene, kapeti payokha ndi kutaya ndalama, komanso imamwa madzi mukaoloka mtsinje kenako pansi pamachita dzimbiri. Yambani ndi zotchipa: onani marabala a zitseko ngati anatha, tsekani timabowo todutsa mawaya pakati pa injini ndi kabini, ndipo ngati matayala anu ndi a matope aja a mano akuluakulu dziwani kuti kulira kwina kukuchokera komweko, a all-terrain, oyenda pa tala ndi pafumbi pomwe, salira kwambiri ngati amenewo.

Kenako gulani zomata za butyl (mtundu wa rabala), zokhala ndi aluminiyamu pamwamba monga Dynamat, mumate pa chitsulo chotsuka bwino pansi, m'zitseko, kumbuyo kwa mipando ndi kudenga. Ntchito yake ndi kuletsa chitsulo kunjenjemera ndiye simufunika kumata paliponse ayi, pakati pa malo osalala aja mpokwanira, gogodani ndi chala mumve ngati kulira kwatha. Pamwamba pake yalani foam yosamwa madzi. Zija za phula zomatira madenga a nyumba zisiyeni, kukatentha mu Okutobala zimasungunuka ndi kununkha. Mabowo otulutsira madzi pansi pa zitseko musawatseke.

Koma tisanamizane, 1HZ ndi dizilo yachikale, idzamvekabe.