Asayimenti zikubwera mochedwa: ndilembe chiyani mu kosi autilaini?

Amayi ena omwe angoyamba kumene kuphunzitsa pa koleji ina kuno ku Mzuzu andilembera imelo. Akuti semesita yathayi mutu unawazungulira: ophunzira ena anabweretsa asayimenti ya papepala, ena anatumiza pa WhatsApp pakati pausiku, ena anangopatsira kalasi repu, ndipo aliyense wochedwa anali ndi chifukwa chake. Akufunsa kuti alembe chiyani mu kosi autilaini (chikalata chofotokoza dongosolo ndi malamulo a phunziro) kuti zimenezi zisachitikenso.

Amayi, chomwe chimandiwawa pa nkhaniyi si kutopa kwa mphunzitsi. Malamulo akakhala osamveka, amene amapindula ndi wophunzira wolimba mtima, uja amakutsatirani mpaka pagalimoto n'kumachonderera. Wamanyazi amangokhala chete, malikisi n'kumudutsa, pomwe mwina vuto lake linali lalikulu kuposa la mnzakeyo. Zonse zikalembedwa semesita isanayambe, awiriwa amayezedwa ndi muyezo umodzi.

Yambani ndi tsiku komanso ola. Mawu akuti "sabata yachisanu ndi chimodzi" sathandiza munthu. Lembani tsiku, deti ndi nthawi, monga Lachinayi, 4 koloko madzulo. Ine sindikonda 12 koloko usiku, ngakhale ambiri anaizolowera chifukwa cha Moodle, pulogalamu ya pa intaneti yotumizirapo asayimenti. Ena samadziwa ngati ndi usiku wolowa tsikulo kapena wotuluka, komanso nthawi imeneyo magetsi akathima kapena bandulo ikatha, mwana wokhala ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa alibe kothawira. Masana akhoza kukwera kabaza n'kufika pasukulu, kapena kukasindikiza pa shopu.

Kenako sankhani njira imodzi yokha yolandirira. Ngati ndi papepala, nenani ofesi yake ndipo pakhale pepala losayinapo dzina ndi nthawi. Pepala limeneli ndi lomwe limathetsa mkangano wa "ndinapereka, mwataya ndinu". Ngati ndi pa intaneti, nenani kuti mukufuna PDF, chifukwa fayilo ya Word yolembedwa pa foni imasokonekera ikatsegulidwa pa kompyuta ina. Auzeninso dzina loti aipatse fayiloyo: nambala yawo ya pasukulu ndi kodi ya phunziro. Mukapanda kutero mudzapeza mafayilo ambirimbiri onse otchedwa "assignment final". Za WhatsApp lembani mosabisa kuti gulu la kalasi ndi lokumbutsirana basi, osati loperekera ntchito. Kalasi repu nayenso musamusenzetse udindo wosunga mapepala a anzake. Likasowa limodzi, amadana naye kalasi yonse.

Pa za ochedwa m'pamene pamafunika kudekha. Choyamba onani zomwe malamulo a koleji yanu akunena, poti autilaini yanu siingapose malamulowo. Ngati akupatsani mpata, ikani chilango chomwe inuyo mungathe kuchitsata popanda kusweka mtima. Mwachitsanzo, kuchotsa malikisi 5 pa 100 tsiku lililonse kwa masiku atatu, kupitirira apo osalandiranso. Lamulo lakuti "wochedwa mphindi imodzi wapeza ziro" limamveka lamphamvu, koma tsiku lomwe mvula ya ku Mzuzu kuno yagwa kuyambira m'mawa mudzaliphwanya nokha, ndipo mukaliphwanyira mmodzi ena onse amva.

Maliro ndi matenda zidzabwera ndithu, choncho zilembenitu. Wophunzira akudziwitseni tsiku lisanakwane ngati n'kotheka, aonetse buku la kuchipatala kapena kalata yochokera kwa oyang'anira ophunzira, ndipo mumupatse tsiku lina lodziwika. Wopita kumaliro ku Chitipa sangabwerere mawa lake. Ngati muli ndi ophunzira a ODL (ophunzira ali kwawo osati pasukulu), kumbukirani kuti ambiri ndi apantchito ndipo ali kutali. Mzuzu University, mwachitsanzo, ili ndi malo ophunzirira ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje, kutanthauza kuti wophunzira wotere sangangodutsa pa ofesi ku Luwinga.

Onjezani mizere ingapo yonena za kukopera: kodi kugwira ntchito limodzi n'kololedwa mpaka pati, nanga ChatGPT mukuilola pa chiyani. Mukangokhala chete aliyense adzadzipangira lamulo lake.

Pali chinthu chimodzi chomwe aphunzitsi ambiri timachisiya dala: lonjezo lathu. Lembani kuti mudzabweza asayimenti yochongedwa pakatha masabata angati, ndipo ikhale mayeso omaliza asanafike, kuti mwana adziwe pomwe akulakwitsa nthawi ikadalipo. Tsiku loyamba la kalasi werengani nawo gawo limeneli mokweza, alekeni afunse, kenako tumizani autilainiyo pa gulu lija kuti aliyense akhale nayo mu foni. Mukadzasintha deti pakati pa semesita, lengezani kwa onse nthawi imodzi komanso molemba.