Kwa achimwene ofuna kugula makina akale a pinball

Achimwene, mwafunsa za makina a pinball, masewera aja omenya kampira kachitsulo pa thabwa lopendekeka, opangidwa ndi kampani ya Bally, amene mwawapeza atatsamira khoma m'chipinda chosungiramo katundu pa kalabu ina yotsekedwa kuno ku Lusaka. Mwati manambala ake ndi owala, ndipo mwini wake akuti anasiya kuyaka kalekale koma vuto ndi fyuzi chabe. Ndiye mukufuna kudziwa ngati n'koyenera kugula, komanso ngati angakonzeke konkuno. Kukonzeka angakonzeke ndithu. Koma musatulutse ndalama musanaone zinthu zina ndi maso anu, ndipo chonde musawalumikize ku magetsi tsiku loyambalo, ngakhale mwini wakeyo akakamize bwanji.

Poti manambala ndi owala, osati mawilo ozungulira aja, makina anuwo ndi oyambira cha m'ma 1977 kupita m'tsogolo. Nthawi imeneyo ndi pamene makampani a ku Chicago, Bally, Williams ndi Gottlieb, anasiya kuyendetsa zonse ndi ma relay ndi mota n'kuyamba kuika mabolodi okhala ndi kakompyuta. Ndanena zimenezi poyamba chifukwa matenda aakulu a makina a m'badwo umenewu ali pa bolodi lomwelo.

Pemphani kiyi wa kumutu, bokosi loimirira lija lokhala ndi manambala, chotsani galasi lojambulidwa lija pang'onopang'ono, tsegulani chitseko cha mababu, ndipo muyang'ane bolodi lili kumtunda chakumanzere. Limenelo ndiye ubongo wa makinawo. M'munsi mwake a Bally anawotchererapo kabatire kosungira mapointi apamwamba ndi chiwerengero cha masewera. Batire limeneli likakhala zaka zambiri osagwira ntchito limayamba kudontha, ndipo madzi akewo amadya mkuwa. Tengani tochi muyandikire. Mukaona zoyera ngati mchere kapena zobiriwira pa miyendo ya tizipangizo, ndipo mtovu wowotcherera uja wasanduka wotuwa, dziwani kuti zadontha. Choipa chake n'chakuti sizithera pamene mukuonapo ayi. Zimayenda motsata timizere ta mkuwa, kulowa pansi pa masoketi a ma chip, mpaka kufika m'makonekita. Ngati zangoyamba kumene, timadula batirelo, kutsuka malowo ndi viniga wosakaniza madzi chifukwa zodonthazo si asidi koma zamtundu wa soda, kenaka kutsukuluza, kuumitsa bwinobwino, n'kusintha tizipangizo tonse tadyedwato. Ngati zafika patali, musataye nthawi. Kuli mabolodi atsopano olowa m'malo mwake, monga a kampani ya Alltek ku America, koma mtengo wake ndi wa madola, ndipo ndalama imeneyo muichotseretu pa mtengo umene mwini wake akutchula.

Nkhani ya fyuzi ija mwina mwini wakeyo sakunama. Bolodi la Bally lili ndi kagetsi kakang'ono kamene kamathwanima kasanu ndi kawiri makina akamadziyesa okha poyatsa. Kakathwanima kasanu ndi kamodzi n'kuima, nthawi zambiri ndiye kuti mphamvu ya 43V yopita ku makoyilo, timaginito ta magetsi tokoka tizitsulo tomenya mpira, kulibe, ndipo fyuzi yapsadi. Koma fyuzi siipsa popanda chifukwa. Kawirikawiri pamakhala thiranzisita yomwe yafa n'kumangodutsitsa magetsi osalekeza, ndiye koyilo yake imangokoka osasiya mpaka kutentha. Kwezani thabwa losewererapo muyang'ane kunsi kwake. Koyilo yabwino pepala lake lokulunga limakhala loyera ndipo limawerengeka, ndipo kachitsulo ka m'kati mukakakankha ndi chala kamayenda mofewa. Yopsa imakhala yakuda, yotupa, kachitsuloko kolimba, ndipo fungo lake mudzalimva musanaione. Onaninso mafyuzi onse limodzilimodzi. Ndimamva chisoni ndikapeza munthu wamangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kuti makina angoyaka, chifukwa pamenepo chimene chimapsa m'malo mwa fyuzi ndi thiransifoma kapena bolodi.

Chifukwa china chimene ndakuletserani kuyatsa msanga ndi magetsi enieniwo. Ku America amagwiritsa 120V, kuno kwathu ndi 230V. Makina amene anadzera ku South Africa kapena ku Britain mwina anasinthidwa kale, koma musangoganiza. Thiransifoma ya makina ambiri otere ili ndi timawaya timene timasunthidwa kuti ilandire magetsi a dziko lina, ndipo buku lake limasonyeza kalumikizidwe kake. Yang'ananinso pulagi ngati waya wachitatu, wa pansi uja, ulipo ndipo wafikadi pa zitsulo. Wosewera amagwira zitsulo za m'mbali ndi manja onse awiri, ndipo ana athu amasewera opanda nsapato pa simenti. Pamenepa sindinyengerera.

Komabe zonse ndatchulazi, ngakhale zikumveka zoopsa, n'zokonzeka. Chimene chiyenera kukuuzani kuti mugule kapena musagule ndi zinthu zimene palibe mmisiri angazibweze. Choyamba ndi thabwa losewererapo. Yendetsani chala pakati pa mafilipa awiri aja, timikono tomenyera mpira, ndi pozungulira timabampa tokankha mpira. Ngati utoto wangoda ndi fumbi palibe vuto, udzawala. Ngati mpira unadya utoto mpaka mtengo ukuoneka ponseponse, kapena thabwalo linanyowa n'kutukumuka, makinawo sadzakomanso kusewera ngakhale muike mabolodi atsopano onse. Chachiwiri ndi galasi la kumutu. Chithunzi chake chinapakidwa kuseri kwa galasilo, ndipo ndi kutentha kwa mababu ndi chinyezi cha dzinja utoto umayamba kukanganuka ngati khungwa la bulugamu. Likwezeni moyang'anitsa kuwala, muone ngati pali malo oboola. Musalipukute kuseri ndi nsalu, ngakhale youma. Chachitatu ndi bokosi lenilenilo. Ndi la mapulanga omata, ndiye ngati linakhala pansi pa simenti m'chipinda chodontha, gogodani kunsi ndi m'makona mmene mumamangidwa miyendo. Chiswe chimadya m'kati n'kusiya kunja kukuoneka bwino. Akalipentala a ku Kalingalinga angakusinthireni thabwa la pansi, koma m'mbali mojambulidwa muja mukawonongeka ndiye kuti chithunzicho chapita. Makoswe nawonso amakonda kumanga zisa m'menemo. Waya umodzi wodukaduka timalumikiza, popeza waya uliwonse uli ndi mtundu wake wolembedwa m'buku, koma mtolo wonse utadyedwa ndi ntchito ya miyezi.

Werenganinso ngati zonse zilimo. Makina okhala nthawi yaitali pamalo a anthu ambiri amazulidwa pang'onopang'ono, wina atenge sipika, wina atenge bolodi. Pamene pali mabowo a masikuluwu opanda kanthu ndi makonekita olendewera, pali chinachake chimene chinachoka.

Za zipangizo, ndikuuzeni mosabisa. Mafyuzi, madayodi, mathiranzisita ndi makapasita mudzawapeza m'tauni kwa anyamata okonza ma TV ndi mawailesi, ndipo amene amadziwa kuwerenga chithunzi cha mawaya angakuthandizeni kwambiri ngakhale sanaonepo pinball chibadwire. Mabuku a makina ambiri akale ali pa Internet Pinball Database, mungotsitsa n'kusindikiza. Koma makoyilo, timalabala toyera tozungulira mizati, zitsulo za mafilipa ndi magalasi a manambala muyenera kuitanitsa kunja. Lembani zonse zofunika kaye, muitanitse kamodzi, chifukwa ndalama yotumizira ndi msonkho zimatha kuposa mtengo wa katunduyo. Ngati muli ndi m'bale wobwera kuchokera ku Johannesburg kapena London, tizinthu tambiri totere timakwana m'thumba la chikwama. Musaiwale mpira watsopano. Ndi wachitsulo, wa 27mm, ndipo wakale wochita dzimbiri ndi umene umapala utoto wa pa thabwa.

Pokonza, mafuta ayi. Anthu ambiri akaona kachitsulo kakulimba amathamangira WD-40, koma tizitsulo ta m'makoyilo tinapangidwa kuti tiziyenda touma, ndipo mafuta akakumana ndi fumbi la Lusaka la mwezi wa Okutobala amasanduka phala lomata. Masiwichi ang'onoang'ono a pa thabwa ali ndi golide wopyapyala pamwamba, ndiye musawapale ndi sandipepa. Lowetsani kapepala kolimba pakati, finyani pang'ono, kokani, basi. Thabwa losewererapo musalitsuke ndi madzi. Ndipo samalani ndi bolodi lodyetsa manambala owala aja, pali magetsi pafupifupi 190V, ndipo kapasita yake imasunga mphamvu ngakhale mutazimitsa.

Akadzayamba kugwira ntchito, kumbukirani mmene malaiti amapitira ndi kubwerera kuno. Nthawi yobwerera ija ndi imene imapha mabolodi akale. Gulani chotchinjiriza chabwino choteteza makina magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo mukatha kusewera muzizula pulagi pakhoma. Pa jenereta yaing'ono yosakhazikika ine sindingawayatse n'komwe.

Mwatchulanso kuti mwina mudzawaika pa bala kuti azibweretsa kangachepe. Musawayerekeze ndi ma bonanza, makina a juga aja. Pinball salipira ndalama, wosewera bwino amangopata mpira wina kapena masewera aulere. Ku New York anawaletsa kuyambira 1942 mpaka 1976 powaganizira kuti ndi juga, ndipo anawalolanso atatsimikiza kuti chimafunika ndi luso la manja. Ine ndikanakonda makina a zaka zoposa 40 akhale pakhomo, pomwe palibe wowathira mowa kapena kuwamenya mateche, chifukwa filipa ikathyoka Loweruka usiku simudzaipeza m'masitolo a ku Kamwala Lolemba.

Ponyamula, amalemera kuposa makilogalamu 100, ndiye pezani kanta ndi anthu okwanira. Tulutsani mpira kaye, jambulani makonekita onse ndi foni musanawazule, masulani mutu ndi miyendo, ndipo galasi lojambulidwa lija mulikulunge m'bulangete likwere nanu kutsogolo.

Pokambirana mtengo, makina osayaka agulidwe ngati osayaka, zoti "ndi fyuzi chabe" zisakwezetse mtengo. Musanabwerere kwa mwini wake, nditumizireni dzina la masewerawo monga lalembedwera pa galasi, chithunzi chapafupi cha pamene pali batire, china cha mafyuzi ndi thiransifoma, ndi china cha kunsi kwa thabwa mutalikweza. Ndikaziona ndidzakuuzani zoyamba kuitanitsa.