Mafunso ndi Mayankho: Mphaka, Legeni, Ukonde ndi Khwekhwe

Makalata a mwezi uno achokera m'maboma osiyanasiyana a chigawo cha Kum'mawa ku Zambia, ndipo akuyankhidwa ndi gulu lathu la odziwa za ziweto, nsomba ndi nyama zakutchire.

Ndinatenga mphaka wamkazi kuti andithandize makoswe. Makoswe anathadi, koma tsopano m'mawa ndimapeza nthenga pakhonde: lero timba, mawa pumbwa, tsiku lina kamwana ka njiwa. Anansi ena akuti ndizimumenya, ena akuti ndizimumana chakudya. Nditani? — Mayi wa ku Kapata, Chipata

Mayi, malangizo onse awiriwo asiyeni. Mphaka sadziwa kuti ndodo yabwera chifukwa cha mbalame imene anagwira m'mawa. Chimene amaphunzira n'chakuti inuyo ndinu oopsa, ndiye azikadyera kuseri kwa bafa kumene simukuona. Njala ndiyo imaonjezeratu vuto. Mphaka amasaka ngakhale atakhuta, koma wanjala amasaka nthawi yaitali ndipo amafika kutali. Musaope kuti akakhuta aleka makoswe, sadzaleka.

Yambani ndi mbale yake. Nsima yoviika mu msuzi si chakudya cha mphaka. Thupi lake limafuna taurine, chinthu chopezeka mu nyama ndi nsomba, ndipo chikasowa maso ndi mtima zimawonongeka pang'onopang'ono. Mphaka wamkulu wolemera makilogalamu 3 mpaka 4 amafuna nyama kapena nsomba yophika yokwana magalamu 120 mpaka 150 pa tsiku, yogawa pawiri, m'mawa ndi madzulo. Siyenera kukhala nyama yodula: mitima ndi nthutumba za nkhuku, dzira lowiritsa, kapenta woviika m'madzi kuti mchere uchoke. Chiwindi kamodzi pa sabata basi. Ndiwo zokazingira anyezi kapena adyo musampatse, zimawononga magazi ake, ndipo mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri aakulu.

Ofufuza a ku University of Exeter ku England anafalitsa mu 2021 zimene anapeza pa amphaka a m'makomo a kumeneko. Chakudya cha nyama yambiri chinachepetsa zogwidwa zobwera nazo kunyumba ndi 36 peresenti. Kusewera ndi mphaka mphindi 5 mpaka 10 pa tsiku kunachepetsa ndi 25 peresenti, ndipo kansalu kowala kwambiri ka m'khosi kanachepetsa mbalame zogwidwa ndi 42 peresenti. Masewerowo ndi ntchito ya ana: nthenga zingapo za nkhuku kumapeto kwa chingwe, kukoka pansi, kumulola agwire pomaliza. Kansalu mukhoza kusoka nokha ku chidutswa cha chitenje chofiira ndi chachikasu, cha masentimita 5 m'lifupi. Kwa inu kansalu kaposa belu, chifukwa mbalame zimaona mitundu bwino pamene khoswe mumdima saiona, koma belu limachenjeza onse awiri. Chofunika n'chakuti chomangira chikhale cha lasitiki wofewa kapena chomasuka chokha chikakoka, ndipo zala ziwiri zilowe pakati pa khosi ndi chomangiracho. Chingwe cholimba chimapachika mphaka pa nthambi kapena pa waya wa mpanda.

Kenako nthawi. Mbalame zazing'ono zimatera pansi kudzadya kukangocha ndi dzuwa likamapendeka. Mutsekereni mphaka ola limodzi dzuwa lisanalowe, mum'tulutse cha m'ma 8 koloko m'mawa. Mutsekereni mu kitchini kapena mosungira chimanga, ndipo ntchito imene munamutengera azigwira usiku wonse. Ikani beseni la mchenga pakona, muzichotsa zonyansa tsiku lililonse. Khalani okhwima kwambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi, pamene ana a mbalame zambiri amatuluka m'zisa asanadziwe kuuluka.

Ngati mumaikira mbalame madzi kapena gaga, ikani pa mtengo wotalika mamita 1.5 kapena 2, kutali ndi zitsamba zimene mphaka angabisalemo. Pa mizati ya khola la nkhunda kulungani lata losalala la masentimita 60, zikhadabo ziterereka. Mbalame imene mwailanditsa kukamwa kwa mphaka nthawi zambiri imafa m'masiku awiri ngakhale bala lisaoneke, chifukwa cha tizilombo ta m'malovu ake. Iikeni mu katoni yoboola pa malo a mdima, osaithira madzi kukamwa. Ngati phiko lathyokeratu kapena matumbo atuluka, kuipha msanga ndiko chifundo.

Mphaka wathu waswa kachitatu chaka chino. Kwathu kuno ana timangoika m'thumba n'kukataya kudambo. Pali njira ina? — Bambo wa ku Chadiza

Ilipo, bambo, ndipo ndi yotsiriziratu: kutseketsa mayi wake. Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 4 mpaka 6, bere limatenga masiku pafupifupi 65, ndipo amaswa ana atatu mpaka asanu kawiri kapena katatu pa chaka. Dotolo wa ziweto amachita opaleshoniyi pa nthawi yochepa. Mphaka asadye usiku woti mawa lake achitidwa opaleshoni, ndipo bala limapola m'masiku 10 mpaka 14. Wamwamuna amathenedwa mosavuta kuposa apo, ndipo amachepetsa kuyendayenda ndi ndewu. Funsani ku ofesi ya za ziweto pa boma, mukabayitsenso katemera wa chiwewe: woyamba pa miyezi itatu, kenako chaka ndi chaka.

Ana otayidwa amoyo, ambiri amafa ndi njala. Opulumuka amasanduka amphaka a m'tchire, amene amadya mbalame, abuluzi ndi anapiye anu omwe, ndipo amakwerana ndi avumbwe mpaka mtundu weniweni wa vumbwe kumasokonekera. Ana amene alipowo asiyeni ayamwe milungu 8, mugawire anthu a nkhokwe.

Zinthu ziwiri zimene zimapha amphaka m'makomo mwa anthu ofuna kuwathandiza: Panado, ngakhale theka la piritsi, ndi mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin. Werengani pa botolo musanapake.

Anyamata a pa sukulu yathu amabwera ndi malegeni m'thumba ndipo amatchera ulimbo pa chitsime. Mlungu watha anapha kadzidzi amene ankagona m'denga la kalasi. Ndikawaletsa, makolo amati mbalame ndi ndiwo. Ndiwayankhe bwanji? — Mphunzitsi wa ku Katete

Aphunzitsi, makolowo sakunama, ndipo mukayamba ndi kuwauza kuti kudya njiwa ndi tchimo simupita patali. Mwana amene wabwera ndi njiwa ziwiri n'kuziwotcha pa nsima sali m'gulu limodzi ndi amene akugenda namzeze kuti aone ngati ali ndi dzanja. Gawani nkhaniyo pamenepo.

Legeni imasankha mbalame imodzi, koma imavulaza zambiri kuposa zimene imagwetsa. Ulimbo susankha konse. Pa chitsime mwezi wa Okutobala pamatera chilichonse, ndipo kambalame kolemera magalamu 10, kopanda nyama yoti n'kutchula, kamazunzika maola ambiri nthenga zitamatirira. Ngati ana apeza kotero, mafuta ophikira pang'ono pa chala amasungunula ulimbo. Kukoka kumathyola miyendo. Malamulo amene ana angawamve ndi kuwasunga ndi awa: chimene sudya usaphe, chisa usakhudze, ndipo mvula ikayamba legeni ikhale m'nyumba mpaka kukolola. Kupha kholo limodzi m'dzinja n'kupha ndi ana onse a m'chisa. Auzeninso makolo kuti lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limafuna laisensi ya mbalame kwa wosaka nkhanga, nkhwali ndi abakha akutchire.

Za kadzidzi, tikudziwa zimene anthu amanena akalira padenga. Musatsutsane nawo pa za maliro. Atengeni ana mukatole timibulu timene kadzidzi amalavula pansi pa malo ogona. Viikani kamodzi m'madzi, kaphwanyeni ndi kamtengo: mupeza ubweya ndi tizigaza ta mbewa, mano ali mbee. Kadzidzi wa m'madenga amadya mbewa zitatu kapena zinayi usiku umodzi, ndipo akakhala ndi ana amagwira zoposa apo. Ana asambe m'manja ndi sopo akatha.

Ndimapha nsomba mu mtsinje wa Lupande. Ukonde wa m'sitolo ndi wodula, ndiye timasoka maneti a udzudzu. Madzi akaphwa ena amathira katupe m'maiwe. Nsomba zikuchepa, koma kodi si chifukwa cha mvula? — Msodzi wa ku Mambwe

Mvula ili ndi gawo lake, achimwene, koma neti ndi katupe mukuzidziwa nokha. Neti ya udzudzu ili ndi mabowo pafupifupi 25 pa kabwalo ka sentimita imodzi. Imakokolola mazira, tiana ta sabata imodzi, ndi tizilombo ta m'madzi timene nsomba zimadya. Poikoka pansi imafafanizanso timaenje timene nsomba za mtundu wa chambo zimakumba poswana. Mtundu umenewu mayi amasunga mazira ndi ana m'kamwa, choncho mukagwira mmodzi wotere mwagwira mazana. Maneti amenewa ananyikidwanso mu mankhwala a udzudzu amene ndi poizoni kwa nsomba, ndipo kunyumba ana agona popanda neti.

Katupe, amene ena amati ububa, amalepheretsa nsomba kupuma. Dziwe la m'chilimwe ndilo limasunga milamba ndi matemba amene adzadzaze mtsinje madzi akabwera. Mukathira katupe mwapha dziwe lonse kuti mutole dengu limodzi. Amene amathira mankhwala a thonje kapena a dimba aika pa ngozi ng'ombe ndi anthu a kumunsi. Fisheries Act ya 2011 imaletsa poizoni ndi mabomba pa usodzi, ndipo maneti a udzudzu amalandidwa n'kutenthedwa. Chaka chilichonse usodzi umatsekedwa m'madzi ambiri a dziko lino kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, nthawi imene nsomba zimakwera m'madambo kukaswana. Wonyamula kapena kugulitsa nsomba pa nthawiyo amafunika chikalata chosonyeza kumene zachokera.

Mbedza, mono wa mipata yotakasuka ndi ukonde wa maso aakulu, wogula mosonkherana anthu atatu kapena anayi, ndizo zimasiya za mawa. Mukatchinga kamtsinje ndi miono, siyani mpata mbali imodzi. Nsomba yoti mudya ipheni pomwepo poimenya mwamphamvu pamwamba pa maso, muitumbule; yofa pang'onopang'ono padzuwa imafewa n'kuwola msanga. Yaing'ono igwireni ndi manja onyowa muibweze msanga. Ngati yameza mbedza, dulani chingwe, musazule.

Agogo anga anali mlenje wolemekezeka. Lero alendo olemera amabwera kudzaombera njati ndi laisensi, koma ine ndikatchera khwekhwe la gwape ndimangidwa. Chilungamo chili pati? — Mnyamata wa ku Nyimba

Funso lanu ndi lolemera, ndipo sitinena kuti zonse zili bwino. Munthu amene njovu zamudyera munda n'kumaona nyama ikupita ndi wa ndalama ali ndi chifukwa chodandaulira. Malamulo ali motere: nyama zakutchire zili m'manja mwa boma kudzera ku Department of National Parks and Wildlife, nthambi ya boma imene inalowa m'malo mwa bungwe lakale la nyama zakutchire la ZAWA mu 2016. M'mapaki monga South Luangwa, Luambe ndi Lukusuzi simusakidwa. M'madera ozungulira otchedwa GMA, monga Lupande ndi Lumimba, mumasakidwa ndi laisensi, pa chiwerengero choikidwa, ndipo nzika za dziko lino nazonso zili ndi laisensi yawo. Gawo la ndalamazo limayenera kubwerera kwa anthu kudzera ku Community Resources Board, komiti ya anthu a m'deralo yoona za zachilengedwe. Pitani ku misonkhano yake mukafunse kuti zinalowa zingati, zinagwira ntchito yanji.

Koma khwekhwe la waya sitingaliikire kumbuyo, ngakhale lamulo likanalilola. Waya wa mabuleki a njinga sadziwa gwape. Umagwira mkango, m'mbulu, chitamba cha njovu, ndi mwendo wa nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse kunja kwa chigwa cha Luangwa. Wotchera makhwekhwe 30 sawayendera onse. Nyama imafa ndi ludzu masiku angapo n'kuolera pomwepo. Alenje akale ankalondola mapazi, ankasankha, ankaleka yabere ndi yoyamwitsa, ndipo nyama inkagawidwa m'mudzi. Choipa kuposa waya ndi kuthira poizoni pa nyama yakufa: miimba yambiri imagwa pa nyama imodzi, pamodzi ndi afisi ndi agalu a m'mudzi. Nyama yofa yokha musaidye. Mu 2011 ku Chama anthu oposa 500 anadwala matenda a anthrax chifukwa cha nyama ya mvuu zakufa, ndipo ena anamwalira. Ngaka musaikhudze n'komwe, anthu akugamulidwa zaka zisanu chifukwa cha iyo.

Bungwe la COMACO, limene lili ndi ofesi ku Chipata, lakhala likulandira makhwekhwe ndi mfuti kwa alenje osiya, n'kuwaphunzitsa ulimi ndi njuchi ndi kumagula mtedza, soya, mpunga ndi uchi wawo. Mukaona nyama yoyenda ndi waya cha ku Mfuwe, uzani asilikali a nyama kapena a Conservation South Luangwa, amene amaigoneka ndi mankhwala n'kudula wayawo.

Ngati mukufuna ndiwo, ya mbewa palibe akuletsani, vuto ndi moto wotenthera tchire posaka mbewazo. Moto wa Seputembala ndi Okutobala umapsereza mapesi amene akanakhala manyowa, mitengo yaing'ono, ming'oma ya njuchi ndi malo obisalamo nkhwali. Nkhanga zinapangana kusanapse: gwirizanani ndi a mfumu kuti ngati n'kutentha, kuchitike mu Meyi kapena Juni udzu ukadali ndi chinyezi, madzulo mphepo itagwa, mutalambula mzere wa mamita atatu kuzungulira. Mbewa kumbani ndi khasu kapena tcherani madiwa ndi chimanga chokazinga, muwayendere m'mawa uliwonse nyerere zisanayambe, ndipo maenje mufotsere kuti ng'ombe zisathyoke miyendo.