Kodi muulutsi wa baseball amayenera kukhala amene anali katswiri?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti waona kuti ku America osewera baseball ambiri akapuma amakhala aulutsi a masewera, ndiye akufunsa ngati ntchitoyi amapatsa akatswiri okhaokha.

Ayi achimwene. Taonani moyo wa Bob Uecker.

Mkuluyu anabadwira ku Milwaukee mu 1934, ndipo anasewera mu ligi yaikulu kuyambira 1962 mpaka 1967. Anali catcher, uja amanjuta kumbuyo kwa womenya mpira n'kumawakha mipira. Kumenya kunkamuvuta: pa maulendo asanu ankamenya bwino kamodzi, ndipo ma home run ake onse (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo n'kupeza pointi) anali 14. Timu yake ya St. Louis Cardinals itatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball ku America, mu 1964, iye mipikisano yomalizayo anangoionera pa benchi.

Mu 1971 anayamba kuulutsa masewero a Milwaukee Brewers pa wayilesi, ndipo anagwira ntchitoyo zaka 54.

Chinamuthandiza n'chiyani? Timu iliyonse imasewera magemu 162 pachaka, ndipo baseball ndi masewera odekha, okhala ndi mipata yambiri imene sipachitika kanthu. Mipata imeneyo muulutsi amayenera kuidzaza ndi nkhani, apo ayi omvera atseka wayilesi. Catcher ndi amene amauza woponya mtundu wa mpira woti aponye, bwalo lonse lili patsogolo pake, choncho Uecker ankadziwa zimene zili m'mutu mwa woponya. Kuwonjezera apo, kulephera kwake anakusandutsa nthabwala. Mu 1967 ku Atlanta ankawakha mipira ya woponya wa timu yake Phil Niekro, yotchedwa knuckleball, imene imayenda mokhotakhota ngati munthu woledzera, ndipo yambiri inkamupulumuka. Pambuyo pake ankati njira yabwino yowakhira mpira wotere ndi kudikira usiye kugubuduzika, kenako n'kuutola. Ine ndimaona kuti munthu amene anavutikapo chonchi amafotokoza bwino chifukwa chimene wosewera waphonyera mpira, kuposa katswiri amene zonse zinkangomuyendera.

Johnny Carson, amene ankamuitana kawirikawiri pa pulogalamu yake ya pa kanema, ndiye anamupatsa dzina loti "Mr. Baseball". Mu 2003 analandira mphoto ya aulutsi ya Ford C. Frick. Anamwalira pa 16 Januwale 2025 ali ndi zaka 90.

Komabe funso lanu lili ndi mfundo. Makanema akuluakulu amakonda mayina otchuka, n'chifukwa chake pa kanema wa Fox mumaona akatswiri opuma monga Derek Jeter, Alex Rodriguez ndi David Ortiz akukambirana masewero asanayambe ndiponso akatha. Imeneyo ndi ntchito ya mu situdiyo, ya mphindi zochepa, yosiyana ndi kulankhula pa wayilesi gemu yonse tsiku ndi tsiku kuyambira Epulo mpaka Seputembala.