Maginito opindika ngati lamba amapangidwa bwanji?

Funso: Ndimakonza mafiriji. Ndikang'amba labala wa pachitseko ndimapezamo kachingwe kakuda komata pachitsulo, koma kopindika ngati lamba. Kodi kamapangidwa ndi miyala ya ku Kangankunde ija? Wokonza mafiriji, Balaka

Yankho: Bambo, kachingwe kanuko ndinakadulapo ndi lumo, ndipo m'kati mwake simuli chitsulo chathunthu ayi. Ndi ufa wa maginito wokandidwa pamodzi ndi labala. Wa m'firiji ndi ferrite, ufa wotchipa wochokera ku dzimbiri la chitsulo losakaniza ndi zitsulo zina zotchedwa strontium kapena barium. Wa ku Kangankunde mulibemo.

Koma funso lanu silinaphonye kwenikweni. Alipo maginito opindika amphamvu kuposa amenewa, opangidwa ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa neodymium, ndipo neodymium imapezeka m'miyala ya ku Kangankunde kwanuko ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe. Maginito opangidwa posakaniza neodymium, chitsulo wamba ndi chinthu china chotchedwa boron anatulukiridwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1980 ndi Masato Sagawa ku Japan komanso John Croat wa ku kampani ya magalimoto ya General Motors ku America. Njira ya a Croat ndiyo imatipatsa ufa: amasungunula zitsulozo n'kuzithira pa gudumu lozizira lothamanga kwambiri, zimauma pomwepo n'kukhala timaliboni topyapyala, kenaka amatipera. Ufawo amaukanda ndi labala, n'kuupanikiza pakati pa zitsulo ziwiri zozungulira mpaka utaphwatalala ngati chikopa. Pamenepo sunayambe kukoka kanthu. Mphamvu amaiika pomaliza, poudutsitsa pa makina a maginito amphamvu, ndipo kawirikawiri amaiika m'mizeremizere. N'chifukwa chake timaginito tomata pafiriji timagwira kwambiri mbali imodzi, ndipo mukakhulanitsa tiwiri mumamva tikudumphadumpha.

Labalayo amadya malo a ufa, choncho maginito opindika safika pa olimba aja a m'masipika a foni. Kutentha kwambiri kumawafooketsa, ndipo neodymium imachita dzimbiri msanga ikakhala poyera.

Chimene chimandiwawa ine ndi ichi: kukumba mwala ndi chiyambi chabe. Ntchito yovuta, yomwenso ili ndi ndalama, ndiyo kulekanitsa neodymium ndi zinzake zofanana nazo, ndipo yambiri mwa ntchito imeneyi imachitikira ku China. Mwala wa ku Balaka uyenera kuwoloka nyanja kaye usanasanduke ufa woti aukande ndi labala.

Kachingwe kanuko kakatha mphamvu, sinthani labala yense. Ndipo poyeza, tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka: likasololoka mosavuta, mphepo yozizira ikuthawira pamenepo.