Mbaula ya nkhuni m'nyumba yopanda chumuni ku England

Achimwene, mwafunsa ngati mungaike mbaula ya nkhuni m'nyumba yanu yatsopano ku Leeds pomwe ilibe chumuni. Zimatheka ndithu. Amaika paipi yachitsulo ya makoma awiri yotulukira padenga kapena kukhoma, ndipo malamulo a zomangamanga amalimbikitsa kuti italike mamita 4.5.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mpweya. Nyumba zomangidwa masiku ano n'zotsekeka kwambiri, sizili ngati zakwathu zomwe mphepo imalowera paliponse. Mbaula ikasowa mpweya, utsi umabwerera m'chipinda, ndipo carbon monoxide, mpweya wapoizoni wochokera kumoto, sanunkha, munthu amangogona osadzukanso. Choncho pakhale polowera mpweya wakunja, komanso alamu ya carbon monoxide, yomwe ndi lamulo. Chonde musaiwale zimenezi, makamaka poti muli ndi ana.

Ntchitoyi musagwire nokha. Pezani mmisiri wolembetsedwa ku HETAS, bungwe lovomereza amisiri oika mbaula, adzakupatsani satifiketi yomwe idzafunike pogulitsa nyumbayo.

Funsaninso kukhonsolo ngati dera lanu limaletsa utsi. Ngati ndi choncho, gulani mbaula yovomerezedwa ndi DEFRA, unduna wa boma woona za chilengedwe. Nkhuni zikhale zouma, chinyezi chosapitirira 20 peresenti. Zaziwisi zimadetsa paipi msanga.